KODI NKULUNGAMA KUYESERA PA MWANA WA MNZAKO?

Munthu woyenda kuchokera ku Mponela kulinga ku boma la Ntchisi sazindikira pamene waoloka malire. Mapiri ndi omwewo, nthaka ndi yomweyo, ndipo anthu a mbali zonse ziwiri ndi Achewa olima chimanga, fodya, mtedza ndi soya. Mkamwini wa ku Dowa akakwatira ku Malomo kapena ku Mpherere sasowa womumasulira mau, ngakhale womuphunzitsa kagwiridwe ka khasu. Kufanana kumeneku ndiko kunachititsa kuti m'chaka cha 2014 maboma awiriwa aikidwe pa muyeso umodzi, ndipo muyesowo unabala funso limene munthu wa chikumbumtima sangalilambalale.

Chimene chinachitika ndi ichi. Kalembera wa zaumoyo wa m'chaka cha 2010 anaonetsa kuti m'dziko la Malawi ana 47 mwa ana 100 aliwonse osakwana zaka 5 anali opinimbira. Kupinimbira si ufupi wakumtundu umene mwana amatengera kwa agogo ake, iai. Ndiko kukula kosafika pamene thupi likadafika, chifukwa cha kuperewera kwa zakudya ndi kudwaladwala. Kumayamba mwana ali m'mimba, kumakhazikika asanakwane zaka 2, ndipo masiku 1,000 amenewo akapita, kubweza nkovuta ngati kuongola mtengo utakula kale. Tsono Boma, pamodzi ndi bungwe la World Food Programme, linasankha Ntchisi kuti likayesereko njira yopewera vutoli. Mwana aliyense wa miyezi 6 kufikira 23 anayenera kulandira tsiku ndi tsiku kapaketi ka magalamu 20 ka chakudya chofewa chonga chiponde, chosakaniza mtedza, mkaka waufa, mafuta, shuga ndi mavitamini. Amai nao anasonkhanitsidwa m'magulu kuti aphunzire za kuyamwitsa, za phala la mwana ndi za kusamba m'manja.

Pambali pa opereka chakudya panali oyesa. Awa anali akatswiri a sukulu yaukachenjede ya Johns Hopkins ya ku Baltimore, ku America, monga Parul Christian ndi Kristen Hurley, pamodzi ndi John Phuka wa ku College of Medicine ya ku Blantyre, imene masiku amenewo inali nthambi ya Yunivesite ya Malawi. M'zaka za 2014, 2015 ndi 2017 anthu ao anayenda m'midzi ndi sikelo, thabwa loyesera msinkhu ndi kachingwe koyesera mkono. Sanayende m'Ntchisi mokha. Analowanso m'midzi ya Dowa, kumene kunalibe mapaketi aja, nayesa ana a kumeneko chimodzimodzi, kuti pakutha pa zaka zitatu aone kusiyana. Mwana wa ku Ntchisi anaona sikelo ndi chakudya chomwe. Mwana wa ku Dowa anaona sikelo yokha.

Dandaulo la mai wa ku Dowa

Mai wa ku Dowa atati aime pabwalo, mlandu wake ungakhale wotere: alendo anafika pakhomo, namuvula mwana wake, namugoneka pa thabwa ali kulira, nalemba m'buku kuti ndi wamfupi, napita, ndipo kutsidya kwa malire mwana wa mchemwali wake, wamsinkhu womwewo, anali kunyambita chiponde. Ngati alendowo anakhulupirira kuti chakudyacho nchothandiza, anamaniranji wake? Ngati sanakhulupirire, anachiperekeranji kwa wina? Mlandu umenewu si wopepuka, ndipo woyankha modzikuza kuti sayansi imatero sanayankhe kanthu. Makolo anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndipo palibe kholo limene lingakonde kumva kuti khanda lake analisandutsa ndodo yoyesera makanda a eni.

Komabe bwalo labwino limamva mbali zonse ziwiri, ndipo oyesa ali ndi mau ao. Mwana amakula, apatsidwe kapaketi asapatsidwe. Zaka nazo sizifanana: chaka china mvula imagwa bwino, china ng'amba imapsereza chimanga, chaka china kumabwera maukonde a udzudzu, china mjigo umakumbidwa pamudzi. Kalembera wotsatira, wa m'zaka za 2015 ndi 2016, anapeza kuti ana opinimbira m'dziko lonse anatsika kuchoka pa 47 kufika pa 37 mwa 100, ndipo kutsika kotero sikukadachokera ku boma limodzi laling'ono. Tsono akatswiri akadayesa ana a Ntchisi okha, nkupeza kuti a 2017 aposa a 2014, kukadamveka nthungululu, ndipo kapaketi kakadatamandidwa pa ntchito imene mwina anaigwira ndi mvula kapena mjigo. Pamenepo dziko losauka likadagula mapaketi a maboma onse 28, ndi ndalama zomwe zija zikadagula mankhwala a malungo. Chifundo chosayesa ntchito zake chikhoza kumwaza chuma cha amphawi, mwini wake ali kumwetulira.

Nzeru imeneyi mlimi aliyense amaidziwa. Wofuna kuona mphamvu ya manyowa sathira munda wonse. Amasiya mizere ingapo kuti pokolola akhale ndi poyerekezera. Ku Chisepo, m'boma la Dowa lomweli, akatswiri a zaulimi anagwiritsa ntchito kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 njira yotchedwa ya mai ndi ana, imene anaiyambitsa Sieglinde Snapp. Pamudzi pankakhala munda umodzi waukulu, ndiye mai, mmene munali mitundu yonse yoyesedwa: chimanga chokha, chimanga ndi nandolo, mtedza ndi nandolo, kalongonda ndi zina. Alimi ankatengako mitundu iwiri kapena itatu nkukailima kwao pambali pa kalimidwe kao ka masiku onse, ndiyo minda ya ana. Bernard Kamanga wa ku Bunda anatsata ntchitoyi ku Chisepo komweko, nalembapo buku la digiri yake ku Wageningen, ku Holland, m'chaka cha 2011. Ophunzira anaphunzirako kanthu kumeneko: mbeu yokometsa nthaka koposa si imene mlimi amathamangira, pakuti iye amafunsanso ngati imadyedwa, ngati imagulitsika, ndi ngati simulanda manja nthawi yopalira. Koma ku Chisepo funso la chilungamo silinavute kwenikweni, popeza woyesa ndi woyesedwa anali munthu mmodzi. Mzere womanidwa manyowa unali wake womwe, ndipo mzere sulira.

Ngakhale m'Malembo muli muyeso wotere. M'mutu woyamba wa buku la Danieli, anyamata anai achiyuda ku Babiloni anakana zakudya za mfumu, napempha kuti adye zamasamba ndi kumwa madzi masiku 10, kenaka awayerekeze ndi anzao odya za kunyumba yachifumu. Kapitao anavomera, ndipo nkhope ndizo zinagamula. Koma wowerenga aonetsetse: wopempha muyesowo anali Danieli mwini, wodziwa chimene anali kuika pachiswe. Khanda la miyezi 8 silipempha kanthu.

Zimene sikelo inanena

Zotsatira za Ntchisi ndi Dowa zinasindikizidwa m'chaka cha 2020, ndipo sizinali zimene opereka chakudya analakalaka. Poyerekeza ana a miyezi 6 mpaka 23 a maboma awiriwa, sipanaoneke kusiyana pa kupinimbira, chinthu chenichenicho chimene ntchito yonse inalinga. Kusiyana kunaoneka pena: ana a ku Ntchisi analemerako ndi magalamu ngati 150, mikono yao inanenepako pang'ono, ndipo kutentha thupi ndi malungo zinachepako. Kafukufuku wina, wotsata gulu limodzi la ana pamene anali kukula, amene anatuluka m'chaka cha 2021, anaona kuti a ku Ntchisi anatalikako msanga pang'ono. Phindu linalipo ndithu, ndipo mai amene mwana wake anaphonyana ndi malungo sangalinyoze; koma linali laling'ono poyerekeza ndi chiyembekezo. Pamenepa akatswiriwo ayenera ulemu, pakuti analemba chimene sikelo inanena, osati chimene chikadakondweretsa olipira ntchito. Ndipo choona chimenechi sichikadadziwika popanda mwana wa ku Dowa uja analira pa thabwa.

Chifukwa chake kapaketi kanalephera kuchita zazikulu chimaoneka pomva zimene akatswiri a maphunziro ena anapeza. Ntchito isanayambe, Stephen Kodish ndi anzake, amene luso lao ndi kusanthula miyambo ndi maganizo a anthu, anakhala pansi ndi amai, abambo ndi akuluakulu a m'midzi ya Ntchisi, nasindikiza zimene anamva m'chaka cha 2015. Anapeza kuti anthu sankaopa matenda a kuperewera kwa zakudya monga ankaopera matenda ena, ndi kuti pa chakudya ankawerengera kuchuluka kwake koposa mtundu wake. Munthu wa m'tauni asafulumire kutcha zimenezi umbuli. Pamudzi pamene theka la ana ndi aafupi, wamfupi saoneka. Ndipo mai amene anapikapo madeya mu February ali ndi chifukwa chabwino chofunsira poyamba ngati mbale yadzaza. Mwana akatupa mapazi, Achewa akale ankaganiza za tsempho, nayamba kufunsana za khalidwe la makolo ake asanaganize za phala. Wobweretsa chakudya osadziwa zimenezi ali ngati wothira madzi m'mtsuko asanaone pansi pake.

Kupinimbira kuli ndi mizu yambiri. Pali mai amene iye mwini anapinimbira nakwatiwa akali mtsikana. Pali malungo a pa pakati. Pali kutsegula m'mimba kochokera ku chitsime chosatetezedwa. Pali chuku cha m'mtedza ndi m'chimanga chosauma bwino. Pali nkhokwe yotha mu December. Muzu uliwonse uli ndi katswiri wake: dotolo, wa zamadzi, wa zanthaka, wa zachuma, wa miyambo, ndi wa masamu amene amalekanitsa kusiyana kwenikweni ndi kwamwayi chabe. Mutu umodzi susenza denga, ndipo ndicho chifukwa chake sukulu yaukachenjede imawasunga onsewa pansi pa denga limodzi. Koma onsewa, aliyense m'munda mwake, amafuna poyerekezera; motero funso la mai wa ku Dowa lidzabweranso, lero pa chakudya, mawa pa mbeu, mkuja pa ngongole ya feteleza.

Kumana ndi kusadziwa

Kunena kuti muyeso unabala phindu sikutha mlandu. Chinthu chikhoza kubala phindu chili choipa. Ku Alabama, m'dziko la America, bungwe la boma la zaumoyo, mogwirizana ndi sukulu ya Tuskegee, linatsata amuna akuda 399 odwala chindoko kuyambira 1932 mpaka 1972, kuti lione mmene nthendayo imaonongera thupi. Silinawauze dzina la nthenda yao, ndipo silinawapatse penicillin ngakhale pamene mankhwalawo anadziwika m'zaka za m'ma 1940 kuti amachiza. Madotolowo analemba manambala ao mosamala, anthu ali kufa. Amenewo anachitadi chimene mai wa ku Dowa akuopa: anasandutsa munthu chipangizo. Pofuna kutseka njira yotere, madotolo a maiko ambiri anagwirizana malamulo a Helsinki m'chaka cha 1964, nawakonzanso kangapo pambuyo pake, ndipo mtima wa malamulowo ndi wakuti ubwino wa munthu woyesedwa uli patsogolo pa chidwi cha sayansi. M'Malawi muli makomiti amene kafukufuku wokhudza thupi la munthu ayenera kudzera asanalowe m'mudzi.

Nanga Dowa isiyana pati ndi Tuskegee? Isiyana pa chinthu chimodzi chachikulu. Ku Tuskegee mankhwala analipo, anadziwika, ndipo anabisidwa dala. Ku Dowa mwana sanalandidwe kanthu kamene kanali kake: sikelo ya kuchipatala, katemera ndi chithandizo cha wodwala zinali zotsegukira iye monga mwana aliyense wa dziko lino. Ndiponso si oyesa amene anamana Dowa. Ntchito ya mapaketi inakonzedwera boma limodzi. Mwana wa ku Salima ndi wa ku Dedza sanalandirenso, kungoti iwo palibe anadzawayesa. Tsono funso lija la nyanga ziwiri lili ndi yankho lachitatu. Alendowo sanakhulupirire, ndiponso sanakane, sanadziwe. Kusadziwa koona mtima ndiko kokha kumapatsa munthu chilolezo chopatsa uyu ndi kusiya uyo. Tsiku limene kusadziwa kwatha, chilolezocho chathanso, ndipo wopitiriza kumana atadziwa wasanduka wa ku Tuskegee, ngakhale atakhala ndi digiri zisanu.

Pali ena amene amaima pamenepa, nayesa kuti mlandu watha. Iai, sunathe. Kutsimikiza kuti munthu sanabe si kutsimikiza kuti alibe ngongole. Mai uja anapereka nthawi yake ya kumunda, anaulula za m'nyumba mwake, analola mlendo kugwira mwana wake. Ndipo kuchokera m'zimenezo munatuluka nzeru imene yafika kwa akuluakulu a maiko, ndi mbiri yabwino kwa olemba. Amene wadya za mnzake ali ndi mangawa, ngakhale anadya moitanidwa.

Mmene mangawa otere amabwezedwera, anthu a ku Dowa anakuona ndi maso ao, pakuti nthawi ina iwo ndiwo anali kudya, wina ali muyeso. Mu February 2002 Pulezidenti Bakili Muluzi analengeza kuti dziko lili pa ngozi ya njala. Masiku amenewo mwana wonyentchera kwambiri ankagonekedwa m'chipatala, mai wake nkukhala naye pafupifupi mwezi wathunthu, atasiya munda ndi ana ena kumudzi. Ambiri sankapita, ndipo ana ankafera kunyumba osalembedwa m'buku lililonse. Chaka chomwecho mabungwe a Concern Worldwide ndi Valid International, motsata maganizo a dotolo Steve Collins, anayamba m'boma la Dowa njira ina: mwana wonyentchera koma wotha kudya azilandira chiponde pa chipatala chaching'ono chapafupi nkukadyera kunyumba, ogonekedwa akhale okhawo odwalitsa. Chipondecho chinachokera m'nzeru za André Briend wa ku France, ndipo Mark Manary wa ku Washington University ya ku St. Louis anali atayamba kuchiyesa ku Blantyre m'chaka cha 2001. Pofuna kudziwa ngati njira yatsopanoyi inafikiradi ana ambiri, Kate Sadler, Mark Myatt ndi anzao, ena a iwo a ku University College London, anayerekeza Dowa ndi Mchinji, kumene kunali njira yakale. Anapeza kuti ku Dowa ana atatu mwa anai ofunika chithandizo anali kuchilandira, pamene ku Mchinji anali mmodzi mwa anai.

Chimene chinatsata ndicho chofunika. Boma la Malawi linavomereza njirayi m'chaka cha 2006 kuti ifalikire m'dziko lonse, ndipo mu 2007 mabungwe a United Nations oona za umoyo, za ana ndi za chakudya anailimbikitsa kwa maiko onse. Motero chiponde chinafika ku Mchinji. Boma limene linali muyeso linadzadya chipatso cha muyesowo, ndipo patapita zaka 12 kuchokera pa njala ija, Dowa inatenga malo a Mchinji kuti Ntchisi iyesedwe. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Pamene maudindo asinthana chotere, ndipo chabwino chopezeka chabwerera kwa onse, kuyerekeza kumafanana ndi dima: lero akulima kwa uyu, mawa kwa uyo, ndipo palibe wakuba thukuta la mnzake.

Komatu fanizo la dima lili ndi polekezera. Mwana wa ku Mchinji amene anamwalira chiponde chisanafike sanabwerere. Anadya ndi mng'ono wake. Mwana wa ku Dowa woyesedwa mu 2014 anali ndi masiku 1,000 amodzi okha, ndipo anatha. Choncho woyesedwa kawirikawiri salandira iye mwini; amapereka mphatso kwa ana osabadwa. Ndipo mphatso imakhala mphatso pokhapokha woperekayo akudziwa kuti akupereka. Apa ndi pamene chilungamo chimagwa kapena kuima, ndipo si m'maofesi a Lilongwe, koma pakhonde.

Pakhonde pamenepo pali zovuta zimene pepala silionetsa. Galimoto yolembedwa zilembo ikafika, mfumu itavomera kale, mmphawi amaopa kukana; amaganiza kuti akakana dzina lake lidzafafanizidwa pa mndandanda wa chimanga chaka cha njala. Ena amavomera poyembekeza kuti oyesa lero ndi opereka mawa. Chidindo cha chala chopezedwa ndi mantha otere, kapena ndi chiyembekezo chabodza chimene mlendo wachiona koma osachiongola, si chilolezo. Mau a mfumu amatsekula mudzi, koma satsekula nsalu yoberekera mwana. Imeneyo mwini wake ndi kholo. Kawirikawiri wopemphedwa kuwerengera anthu pepala lotere amakhala mphunzitsi kapena katekisiti, popeza ndiye wokhulupirika pamudzi. Ameneyo ali ndi udindo wolemera. Awerenge pepala lonse, ndi mzere womwe uja wonena kuti wokana salangidwa. Afunse alendo pamaso pa anthu ngati mudziwu udzalandira kanthu kapena ai, ndipo yankho likakhala ai, alibwereze mokweza, osalikometsa. Afunsenso chimene adzachita akapeza mwana wodwalitsa, pakuti woyesa amene waona khanda lili pafupi kufa, nangolemba nambala nkupitirira, walakwa kale, kafukufuku wake akome chotani. Mbali inanso, asakhale wokolezera mphekesera. Mbiri ya anamapopa inaphetsa anthu osalakwa ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo m'chaka cha 2017, ndipo mantha otere amaletsanso ntchito zabwino.

Kuti zimenezi nzotheka zinaoneka m'boma loyandikana la Kasungu, kwa mfumu Wimbe, m'chaka cha 2019. Akatswiri a zanthaka anali atapeza kale kuti m'madera ambiri a Malawi chimanga chimakhala ndi mchere wochepa wotchedwa selenium, umene thupi limaufuna pang'ono pokha koma silingakhale bwino popanda iwo, ndi kuti vutolo limachokera m'nthaka. Tsono a ku Bunda, pamodzi ndi a ku Nottingham ndi London, analima chimanga chothiridwa mcherewo, nafuna kuona ngati ufa wake ungasinthe magazi a amai ndi ana a sukulu. Anayenera kutenga magazi, ndipo anadziwa kuti anthu anali ndi nkhawa, ena za magaziwo, ena poganiza kuti ufawo ungaumitse mbeu ya kubereka. Sanaseke nkhawazo. Anatenga nthumwi za m'midzi kukaona kumene chimangacho chinalimidwa ndi kugayidwa, nadya nsima ya ufa womwewo pamodzi ndi eni mudzi. Mabanja oyerekezera nao analandira ufa, wa chimanga chosathiridwa mchere uja, kotero kuti panalibe khomo loyang'ana moto wa mnzake lili ndi njala. Pakutha pake selenium wa m'magazi a amai odya ufa wothiridwa anawirikiza pafupifupi kawiri. Si muyeso uliwonse ungagawe ufa mbali zonse. Koma nsima yodyera pamodzi ija sinafune ndalama zambiri.

Patsala ngongole imodzi, yotsika mtengo koposa zonse, ndipo mwina nchifukwa chake imaiwalika msanga. Ndiyo kubwerera kukanena zimene zapezeka. Zotsatira za kafukufuku zimasindikizidwa m'Chingerezi chovuta, m'magazini a ku America ndi ku Ulaya, kumene mai wa ku Nambuma kapena wa ku Mvera sadzafikako. Nkhani ikathera kumeneko, kapena m'chipinda cha hotelo mmene akuluakulu amaombera m'manja, mwini manambala sanamve kanthu. Galimoto imene inadziwa njira ya kumudzi pokatenga manambala iyenera kuidziwanso pokawabweza. Ndipo zimenezi zikhudza makamaka pamene zotsatira zili zosakoma, pakuti nkhani yabwino imadziyendera yokha, koma yokhumudwitsa imafuna woinyamula. Woyesa aime pabwalo lomwe lija, anene m'Chichewa kuti kapaketi kanaonjeza magalamu 150 ndi kuchepetsa malungo koma sikanathetse kupinimbira, kuti mizu ina ili m'chitsime ndi m'nkhokwe, ndi kuti zimenezi zadziwika chifukwa cha ana a mudzi uno. Pamenepo mai uja angafunse mafunso ake, ndipo mfumu ikamapita ku boma kukapempha mjigo imakhala ndi umboni m'manja.

Ana amene anagonekedwa pa thabwa kumayambiriro kwa 2014, ku Dowa ndi ku Ntchisi komwe, anabadwa m'zaka za 2012 ndi 2013. Pofika chaka cha 2025 anali a zaka 12 kapena 13, ena oweta mbuzi m'mapiri, ena ali m'makalasi apamwamba a pulaimale, msinkhu woti akhoza kudziwerengera okha tsamba limodzi la Chichewa lonena zimene thabwa lija linapeza pa iwo.